Padoko Tadutsa?

Amene anatcha mayina masiteshoni a njanji yathu ino anali munthu wanthabwala, apo ayi anali atamwa. Ine ndagulitsa mtedza wokazinga ndi zitumbuwa m'sitima kuyambira ndili ndi mano onse m'kamwa, ndiye musanditsutse. Mukachoka pa Balaka kulowera kumpoto mumafika pa Mthunzi, pomwe palibe ngakhale mtengo umodzi woti mbuzi n'kubisalapo dzuwa, yonse inapita ndi makala. Kenako pa Fulumira, pamene sitima imaima kudikira inzake ya katundu mpaka mwana amene munakwera naye ali wakhanda kuyamba kukwawa. Palinso pa Khalachete, kwa amayi a tomato aja amene akayamba kutsatsa malonda simungamve ngakhale kulira kwa injini. Koma dzina limene linkatithyola nthiti ndi kuseka linali Padoko.

Sunthirani kuno ku mbaula, sitima ya lero ichedwa ndithu. Nkhani iyi sindiikonda, koma mwandifunsa nokha chifukwa chake ine Nasoko, mayi amene pakamwa sipatsekeka, ndimangoti zii tikamadutsa pamalo pamenepo.

Doko aliyense amalidziwa, ndi pokocheza bwato. Koma pa Padoko panalibe madzi oti ngakhale chule n'kunyowetsa kukhosi. Panali fumbi lofiira, minga, chikwangwani cha dzinalo, mudzi mbali imodzi ya njanji, ndipo mbali inayo khwawa louma limene silinyowa ngakhale chaka cha mvula yogwetsa nyumba. Ena ankati kalekale padali mtsinje umene udakwiya n'kusamuka. Ena ankati mzungu wolemba mayina adali ndi malungo tsiku limenelo. Zoona zake panalibe ankadziwa, ndipo ife sizinkatikhudza, chathu chinali kuseka.

Sitima ikangoyamba kuchepetsa liwiro, wina ankakuwa, "Konzani nkhafi!" Wina n'kuyankha, "A ku Padoko, pindani mathalauza, munganyowe!" Ine ndinkawafunsa ngati chambo cha lero atisungira. Eni mudziwo ankatsika nkhope zili gwa, osacheuka.

Masiku amenewo gadi wa sitima yathu anali a Mkwapatira, bambo wamtali, wowonda, koma wa mawu oti akaitana kumapeto kwa sitima dalaivala ankamva. Masiteshoni ena onse ankangowatchula kamodzi akuyenda. Pa Padoko pokha ankachita zina. Ankatsegula zitseko za bogi iliyonse mbali zonse ziwiri, ngakhale mbali ya kukhwawa kumene kulibe njira ya munthu. Akatero ankaima pakati pa bogi, n'kuvula chipewa, n'kuitana mokoka:

"Padokooo! Mwafika! Otsika tsikani!"

Ankabwereza mpaka mtima wawo utakhutira, ngakhale tsiku limene panalibe ndi mmodzi yemwe wotsika.

Tsiku lina ndinawafunsa. "A Gadi, kodi mukuitanira ndani? Onse muno ndi opita kutsogolo."

"Sindiitanira inu, mayi. Inu maso muli nawo, chikwangwani mumachiona."

"Nanga mumaitanira ndani?"

"Tandipatsani mtedza wa lero ndilawe," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

A Mkwapatira anapuma ntchito n'kubwerera kwawo kuchigwa, ndipo tinangomva kuti anatisiya. M'malo mwawo munabwera mnyamata wa m'tauni dzina lake Lufeyo, waulemu wake, wa nsapato zopukuta. Nthawi yomweyonso anthu a ku Padoko anatopa nafe. Sindiwada ayi. Anyamata awo ankakanidwa ndi atsikana a midzi ina chifukwa cha dzinalo, timu yawo ya mpira ikalowa m'bwalo anthu ankaimba nyimbo za asodzi. Anakadandaula kwa akuluakulu, ndipo chikwangwani chinapakidwa penti watsopano: Chitukuko. Kunaphedwa mbuzi, kunavinidwa. Chitukuko chimene ine ndinachiona kumeneko chinali mjigo umodzi umene unathyoka mvula isanagwe, choncho ife tinapitiriza kuseka, kungosintha nthabwala. Koma dzina lakale analiletsa kwenikweni. Wogulitsa malasha wina analitchula ali pazenera, ndipo mwala unamuphonya pang'ono. Posakhalitsa dzinalo linafa. Lufeyo ankangosuzumira pakhomo n'kunena kamodzi kuti "Chitukuko," n'kukweza mbendera yake yobiriwira.

Zinayamba ndi mipando.

Ine ntchito yanga ndi yoyenda bogi ndi bogi, dengu pamutu, ndiye ndimaona zimene wokhala pansi saona. M'bogi yakumapeto munayamba kumapezeka mipando yopanda anthu, anthu ali chiimire m'kanjira atapanikizana ngati nkhuku za m'khola la pamsika. Ndinafunsa mayi wina amene anali ndi mwana kumbuyo ndi thumba la chimanga pamapazi.

"Amayi, bwanji osakhala apo?"

"Pali munthu," anandiyankha. Kenako anayang'ananso bwino, n'kuseka mwamanyazi. "Aa, ine ndimaona ngati pali munthu."

Koma sanakhalepo. Amene ankalimba mtima n'kukhala sankachedwa kudzuka, akudandaula kuti msana wazizira. Kumeneko ndi m'chilimwe, dzuwa loti chitsulo cha mpando chimaotcha.

Kenako mtedza wanga. Ndimaukulunga m'timapepala, ndipo timapepala tanga ndimatidziwa. Ndinayamba kumatipeza pansi pa mipando yopanda anthu ija, topanda mtedza, topindidwa bwinobwino m'makona anayi. Wakuba sapinda pepala. Munabweranso fungo, ngati la sutukesi imene yakhala yotseka zaka zambiri, fungo la mankhwala a njenjete ndi sopo wakale. Dalaivala naye anayamba kudandaula kuti pachitunda cha kuseri kwa Chitukuko sitima ikumakoka ngati yanyamula simenti. Ndipo nthawi iliyonse tikamanyamuka pamenepo, m'bogi yakumapeto munkamveka kuusa moyo, kwa anthu ambiri nthawi imodzi, ngati m'tchalitchi abusa akanena kuti ulaliki ukupitirira. Aliyense ankayang'ana mnzake.

Woyamba kundilankhula anali bambo wa chipewa cha nthenga. Dzuwa linali paliwombo. Anavala suti yofiirira ya mathalauza otambalala, imene ndinaiona komaliza pa chithunzi cha agogo anga, ndipo pamiyendo anaika bokosi lachitsulo.

"Amayi, pepani," anatero motsitsa mawu. "Padoko tadutsa?"

Ndinaseka. "Bambo, mwachokera kuti inu? Dzina limenelo musalitchule, akugendani."

Wina anandikoka chitenje kufuna chitumbuwa. Nditacheukanso, pampando panali kapepala kopinda basi. Chipewacho ndimachikumbukira mpaka lero, ndi nthenga yake yomwe, koma nkhope ya munthuyo ndikayesa kuikumbukira mutu umangondipweteka.

Anabweranso ena. Wina wa majombo a kumigodi, mayi wina wofunda bulangete pakati pa chilimwe, mnyamata wina wa chikwama cha mizeremizere ngati zimene amabwera nazo a ku Joni masiku ano. Onse aulemu, onse funso lomwelo. Dera limenelo amuna ake kuyambira kale ndi opita kunja kukafuna ntchito, ndipo ambiri anaikidwa komweko, zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinali ndi ana oti adye, sindinafune kuziganizira kwambiri.

Tsiku lina Lufeyo anandiitanira pambali.

"Mayi Nasoko, kodi Padoko ndi kuti? Anthu akumandifunsa."

"Anthu ake ati?"

Anayang'ana nsapato zake. Ndinamuuza kuti ndi dzina lakale la pa Chitukuko, ndiponso mmene a Mkwapatira ankachitira. Anapukusa mutu.

"Ine anandiphunzitsa mayina oti ndiziitana, limenelo palibe. Ndikalitchula eni mudzi andiswa mutu, ntchito n'kuthera pomwepo."

Sindinamukakamize. Mutu unali wake.

Ndiye linafika tsiku limene ndikufuna kukuuzani. Kunatentha kuyambira m'mawa. Pa Balaka ndinapeza m'bogi yakumapeto mayi wachitsikana wovala zakuda, ali ndi kamtsikana ka msinkhu woyamba sukulu. Pampando wa pazenera anali atayalapo jekete lachikopa, ataliwongola bwinobwino manja ake, iye n'kukhala pambali pake. Mwanayo anakhala moyang'anizana ndi jeketelo.

Nditangoona ndinadziwa, chifukwa si koyamba. Munthu akamwalira kutali n'kuikidwa komweko, abale ena amatenga chovala chake n'kupita nacho kumudzi, kuti mwini wake atsatire. Amamugulira tikiti, amamupatsa mpando, ndipo siteshoni iliyonse amamuuza pamene afika kuti asasochere. Wonyamula chovalacho salankhula ndi munthu wamoyo mpaka atachipachika m'nyumba ya kwawo kwa malemuyo. Choncho ine sindinamupatse moni.

Zambiri anandiuza pambuyo pake, koma ndikuuzeni pano kuti mumve bwino. Dzina lake anali Enelesi, wa ku Thyolo. Mwamuna wake Yotamu anakumana naye ku Bangwe, ndipo kwawo kwa mwamunayo Enelesi anali asanapondeko, zinkangokhala za "tidzapita chaka chamawa". Yotamu anapita ku Joni, anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Anzake anamuika komweko, n'kutumiza jekete lake pa basi. Kuyambira tsiku limene jeketelo linalowa m'nyumba, mwana wawo Ndaziona anasiya kulankhula, kenako anasiya kudya. M'mawa ankamupeza ataima m'mbali mwa njanji, atayang'ana kumpoto. Kuchipatala anamuyeza zonse osapeza kanthu. Ndiye amalume ake a Yotamu, a Kadzuwa, anaimba foni.

"Mwanayo wamugwira ndi bambo wake, akufuna kwawo. Bwerani nalo jeketelo pa sitima, pakuti iye anachoka kuno pa sitima, ndipo mwanayo mubwere naye. Panjira musalankhule ndi wamoyo aliyense, ngakhale mwana wanuyo. Mukatero Yotamu akusiyani inu n'kukakamira amene mwamulankhulayo, ndipo sadzamusiyanso. Mudzatsike pa Chitukuko."

Anamuuza dzina limene iwo ankanyadira. Sanaganize zoti Yotamu anachoka chikwangwani chisanapakidwe penti.

Sitima itanyamuka, bambo wina wonenepa amene anaima nthawi yaitali anatopa. "Mayi, kodi jekete nalonso lalipira?" Enelesi anangotulutsa matikiti m'chitenje n'kumuonetsa. Bamboyo anasunthira ku bogi ina.

Ndinayesa kumupatsa mwanayo chitumbuwa. Sanachiyang'ane n'komwe. Timikono take tinali ngati mapesi a chimanga, milomo itang'ambika. Maso ake anali pa jekete, koma osati pa jekete penipeni, pamwamba pake pang'ono, pamene pamakhala nkhope ya munthu wamkulu akakhala pansi. Mtima unandipweteka. Ndaika m'manda mwana mmodzi ine, ndipo ndimadziwa maonekedwe a mwana amene watsala pang'ono.

"Bambo a Nda, tafika pa Mthunzi," ananong'ona Enelesi ataweramira jekete.

Mwanayo anagwedeza mutu pang'ono ngati wamva yankho. Ndipo ndinaona kuti bogi yonse yangoti zii, ngati pali makutu ambiri amene akumvetsera nawo.

"Bambo a Nda, tili pa Fulumira. Tidikira kaye pano, musatope."

Pa Fulumira tinakhalitsa monga mwa nthawi zonse. Thukuta linali kamukamu, ana akulira, koma mipando yopanda anthu ija panalibe woiyandikira, ndipo tsiku limenelo inali yambiri kuposa ya anthu. Ndikayang'ana cham'mbali ndinkaona chipewa cha nthenga, mabulangete, mabokosi pamiyendo. Ndikayang'anitsitsa, mipando yokhayokha. Ndinasiya kugulitsa, ndinangoima pafupi ndi mwanayo dengu lili pansi.

Tinadutsa pa Khalachete. Dzuwa litangopendeka pang'ono, sitima inachepetsa liwiro, ndipo Lufeyo anasuzumira pakhomo.

"Chitukuko!"

Enelesi anawerama. "Bambo a Nda, tafika pa Chitukuko. Kwanu ndi kuno. Tiyeni titsike."

Ananyamula jekete, anakoleka chikwama paphewa, n'kugwira mwana pamkono. Mwanayo sanasunthe. Anali atagwira chitsulo cha mpando ndi manja onse awiri. Mayi wake anakoka, anakokanso, misozi ikutsika, milomo atailuma kuti mawu asatuluke. Kenako anandiyang'ana ine. Sindidzaiwala maso amenewo.

Ndinamugwira mwanayo m'chiuno kuti ndimunyamule. Kamwana koti ndikanakanyamula ndi dzanja limodzi ngati nkhuku, koma kanali ngati kakhomeredwa pampando. Manja ake anali ozizira ngati mtsuko wa m'mawa.

Apo ndi pamene mwanayo analankhula, koyamba chifikire jekete lija m'nyumba mwawo, mawu osasa.

"Adadi akuti si pano."

Enelesi anagwira pakamwa.

"Akuti malo amenewa sakuwadziwa. Akuti tipitirira."

Mayiyo anathamangira pakhomo n'kutsika ndi jekete, kuyesa kuti mwina mwana akaona jekete latsika atsatira. Anaima pafumbi atatambasula manja pazenera. Bambo wina wachikulire wa njinga, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi a Kadzuwa, anamuyandikira akufunsa, "Ndinu apongozi? Nanga mwana ali kuti?" Iye akungoloza pazenera. Sitima inalira. Ndinaona Lufeyo akutambasula mbendera yobiriwira.

Pamenepo zonse zinandigwera m'mutu nthawi imodzi. Yotamu sanali m'jekete lija ayi, anali chikhalire pampando, pamodzi ndi anzake onse aja amene akhala akukwera ndi kutsetsereka njanji ino osamva dzina la kwawo. Sitima ikanyamuka mwanayo apita nawo, ndipo mmene analili sakanafika kumapeto kwa njanji akupuma. Ndinapsa mtima. Ndinapsera mtima penti, ndinapsera mtima mbuzi imene inaphedwa, ndinapsera mtima a Mkwapatira amene anangodya mtedza wanga osandiuza kanthu.

Chitseko cha mbali ya kukhwawa chinali chitachita dzimbiri. Ndinachimenya ndi phazi mpaka chinatseguka. Ndinaima pakati pa bogi, ndinavula mpango kumutu, ndipo ndinaitana ndi mawu onse amene ndimatsatsira mtedza.

"Padokooo! Mwafika! Otsika tsikani!"

Panja wina anakuwa, "Ndani ameneyo?" Ine ndinabwerezanso, mokweza kuposa poyamba.

Poyamba panalibe kanthu. Kenako ndinamva bokosi lachitsulo likukhukhuluzika pansi. Lina. Majombo. Mphepo yozizira inadutsa m'kanjira, ndipo anthu amene anaima anadzipanikiza m'mbali osauzidwa, ngati akupereka njira kwa onyamula maliro. Mayi wina anaphimba nkhope ya khanda lake ndi chitenje. Mnyamata wina anayamba kupemphera koma mawu anamuthera. Chinachake chinandikhudza paphewa podutsa, mwaulemu, monga amachitira munthu wofuna kuti umupatse mpata. Bogi inalira n'kukwera m'mwamba pang'ono, monga limachitira bedi munthu wonenepa akadzukapo.

Palibe amene anatsikira mbali ya kumudzi. Onse analowera chitseko cha kukhwawa.

Ndipo kumunsiko, dzuwa likuswa mtengo, kunamveka madzi. Madzi akumenya thabwa, phwa, phwa, ndi nkhafi ikugunda m'mbali mwa bwato. Kunabwera fungo la matope. Tonse tinamva, funsani aliyense amene analipo, ngati angavomere kukuuzani. Lufeyo mbendera inali itamugwa m'manja.

Nditacheuka, pampando pa mwana panalibe munthu.

Ndinamuona kudzera pachitseko. Anali atatsika kale chitunda cha njanji, akuyenda pakati pa minga molunjika kukhwawa, dzanja limodzi atalikweza m'mwamba monga amayendera mwana akagwirana ndi munthu wamkulu. Enelesi anali mbali inayo ya sitima. Anagwada n'kumuona kudzera pansi pa bogi, pakati pa mawilo. Ndinamuona akutsegula pakamwa kuti aitane mwana wake. Akanangoti "Nda," bwenzi atamupereka kwa bambo wake mpaka kalekale. Analowetsa kolala ya jekete m'kamwa n'kuiluma.

Ndinalumpha. Bondo ili limene mumandiona ndikutsimphina nalo kukazizira ndi la tsiku limenelo. Ndinathamanga minga ikung'amba chitenje, kumbuyo ndikumva sitima ikunyamuka ndi dengu langa. Phokoso la madzi linali likuchepa, ngati likupita kutali.

M'khwawamo munali mchenga wouma, wotentha mpaka kupyola patapata. Mwanayo anali ataima pakati penipeni, dzanja atalitsitsa, akuyang'ana tsidya. Ndinamukumbatira n'kumunyamula, ndipo ulendo uno anapepuka ngati mwana aliyense. Diresi lake linali litanyowa mpaka pachifuwa, madzi akuchucha, ndere zitamatirira kumiyendo. Mapazi anga ine anali fumbi lokhalokha.

Tinayenda kupita kumudzi, a Kadzuwa patsogolo akukankha njinga, Enelesi ndi jekete, ine ndi mwana kumbuyo. Anthu anali ataima m'makomo. Ndinkadikira mwala, koma palibe anatola. Amayi ake a Yotamu anatsegula chitseko, ndipo Enelesi analowa n'kupachika jekete pamsomali. Atangolisiya anagwa pansi n'kukuwa dzina la mwana wake, mobwerezabwereza, mawu onse amene anawasunga chikwerere sitima ku Limbe.

Ndaziona anapempha madzi. Anamwa. Anadya mbatata yootcha, n'kupempha ina. Agogo ake ankangolira akumusisita mutu. A Kadzuwa anandithokoza, koma osandiyang'ana kumaso, ndipo za dzina lija sanatchule.

Chakumadzulo ine ndi Enelesi tinali kuseri kwa nyumba, iye akusambitsa mwana, ine ndikufinya kadiresi kaja. Madzi ake ankanunkha mtsinje.

"Adadi apita, Nda?" anafunsa mayi wake.

"Apita."

"Wachita bwino kubwerera, mwanawe," ndinatero ine. "Amayi ako akanatsala ndi ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndanena zopusa, mbatata ili kukamwa.

"Sindinabwerere ine. Bwato linadzaza. Adadi anati ndidikire lina."

Enelesi sanagone m'mudzimo kawiri. M'mawa mwake anakwera njinga ya kabaza mpaka kumsewu wa tala, n'kubwerera kwawo pa minibasi. Mwanayo sanapondenso m'sitima. Pano ndi mayi wamkulu, amasoka zovala ku Bangwe, ali ndi ana ake. Akapeza wobwera kuno amanditumizira moni, nthawi zina ndi kansalu.

M'bogi yakumapeto mipando inakhala ya anthu kwa kanthawi, ndipo dalaivala anasiya kudandaula za chitunda. Koma anthu athu sanasiye kupita ku Joni, ndipo sanasiye kufera komweko. Mipando inayambanso kuzizira umodzi umodzi. Lero mukakwera mudzionera nokha, ndipo ndikupemphani, tikafika pamenepo pasapezeke wochita nthabwala za nkhafi.

Tsopano a m'mipando yozizira ija amandidziwa. Ndikangolowa ndi dengu ndimamva maso onse ali pa ine. Chisoni amandimvetsa, musaganize kuti ayi, nawonso ali ndi amayi awo amene anakhoma msomali n'kumadikira. Mtedza ndimawasiyira dala pampando. Koma ine ndinaona chimene chimabwera dzina lija likaitanidwa, ndipo ndikudziwa amene anauzidwa kuti adikire bwato lina.

Ndiye akandikoka chitenje, mwaulemu monga mwa nthawi zonse, n'kufunsa kuti, "Amayi, pepani, Padoko tadutsa?" ine ndimayang'ana kumbali.

"Sitinafike, bambo," ndimatero. "Khalani kaye pansi."